Cassimiro ndi Feshta ya Pamapesi

Cassimiro ali ndi zaka 59. Ndi mkamwini m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Lifidzi, mwamuna wa mlongo wanga Estele. Alibe munda wakewake, alibe ng'ombe. Ali ndi njinga, bokosi la mawaya, ndi makoluna anayi, zokuzira mawu zazitali ngati zitseko. Ine ndine mwini mbumba, choncho milandu yake yonse idadzera pakhonde panga.

Kwawo ndi cha ku Domwe. Nkhondo itakula adathawira ku Dedza monga tidachitira tonse. Ambirife tidakhala pa msasa kudikira ufa ndi nyemba. Iye sadathe mwezi ali pamenepo. Adatola wailesi yakufa padzala, adaiphwasula, adaimanganso, adaiphwasulanso, mpaka tsiku lina idalankhula. Kuyambira pamenepo ankayenda m'misika ndi kachikwama ka zitsulo, kukonza mawailesi a anthu. Pomwe wagona lero sipomwe ankagona mawa lake.

Mtendere utabwera adatsata anthu a kwathu kuno, chifukwa anali atamuona kale Estele ku msasa. Adakwatirana mu 1994. Tidamuloza pomanga nyumba, tidamulozanso munda umene amayi athu adapatsa Estele, woyambira pa msewu n'kutsetserekera kudambo. Dothi lake ndi katondo. Ukalisamala limabereka, ukalilakwira silikhululuka msanga.

Cassimiro sadali mlimi. Sikuti anali waulesi. Ankadzuka m'mamawa ngati wina aliyense, koma mzere sankaufikitsa kumapeto. Akamva lole yaima pa msewu, khasu pansi, iye ulendo kukaona chomwe chawonongeka. Adayesa zambiri. Adaolotsa matumba a mbatatesi pa njinga ku Kalomwe. Adajambula anthu zithunzi za pa ziphaso ku Ulongwe. Adaweta nkhunda, adayendetsa chigayo cha munthu wina, adaphunzirako zowotcherera zitsulo. Chilichonse miyezi itatu, chatha. Akakhala pampando mwendo wake unkagwedezeka wokha. Pamaliro ankayamba ndiye kudzipereka kukatema nkhuni, kuti asakhale pansi.

Tsiku lina Estele adandifunsa kuti, "Achimwene, munthu uyu ndi mwamuna kapena kamvuluvulu?"

Ndidati, "Udasankha wekha. Ife tidangolandira nkhuku."

Mu 2001 dalaivala wina wa lole adamusiyira makina a nyimbo ndi makoluna awiri ku Kalomwe, zonse zakufa, nati ngati angazidzutse zikhale zake. M'bokosimo munalinso makaseti. Nyimbo zake zinalibe woimba. Inali ng'oma ya makina yogunda mofanana ngati chigayo, ndi timawu tina tolira pamwamba pake. Cassimiro adakhala nazo masabata awiri, ndipo aka kanali koyamba kumuona akugwira chinthu chimodzi masiku ambiri chotere. Zitadzuka adaziyesa pakhomo. Mwaye udayamba kugwa kudenga m'nyumba ya amayi athu, amene nthawi imeneyo anali moyo. Adatuluka ndi ndodo.

Estele adati, "Bambo a Nércia, pitani nazo kumunda zinthu zanuzi. Chimanga ndatuta dzulo. Munda watseguka."

Kuno ngolo yotsiriza ya chimanga ikatuluka, mwini munda ndiye amanena kuti watseguka. Akatero ng'ombe za aliyense zimalowa kukadya mapesi, anthu amadutsamo, ana amakumbamo mbewa. Asadanene, palibe amalowetsa kanthu. Mizere yatsopano ikakwera amatsekanso, n'kuika nthambi ya minga pakhomo pa munda. Nthambiyo ngakhale mbuzi ikhoza kuilumpha, koma munthu aliyense amadziwa tanthauzo lake.

Cassimiro adabwereka ngolo yanga, adakwezamo makina ndi batire ya lole, nakaima pakati pa mapesi. Linali Loweruka la mwezi wa Julyu. Anthu ochokera ku msika adapatuka kudzaona. Achinyamata adayamba kuvina, kenako amayi ena adatula madengu. Batire idatha dzuwa litapendeka, aliyense adapita kwawo. Palibe adaganiza kuti pachitika kanthu. Koma chaka chotsatira, mikukwe ikadali m'munda, anthu adayamba kufunsa kuti za pamapesi zija zibwerezedwa liti. Dzina loti Feshta ya Pamapesi, ndiko kuti chisangalalo cha pamapesi, lidachokera pamenepo.

Malamulo adaika ndi Estele. Tsiku ankanena ndi iye, chimanga chikalowa m'nkhokwe, kaya kumapeto kwa Junyu kaya pakati pa Julyu. Nyimbo zinkayamba m'mawa chisanu chikasungunuka pa udzu, ndipo zinkazima ng'ombe zikamachoka kudambo, chifukwa njira yake imadutsa m'mphepete mwa mundawo. Palibe ankakana kuzima, popeza kuno dzuwa la Julyu likalowa, wovina amasanduka wonjenjemera. M'mawa mwake Cassimiro ankatola mabotolo onse. Galasi limacheka phazi la munthu ndi chiboda cha ng'ombe mofanana.

Munda sunkaonongeka. Dothi linali louma, mapazi ankangothyola mapesi n'kuwaphwanya tizidutswa. Pofika nthawi yokwirira mapesi m'mizere, ntchito inkapepuka. Ine mwini ndidaona kuti mundawo unkabereka kuposa wanga, ndipo sindidamuuze.

Mu 2004 Cassimiro adapeza jeradori, makina opangira magetsi. Adagulanso makoluna ena awiri. Anthu adachuluka kotero kuti akumbuyo sankamuona, ndiye adamanga palku. Adalumikiza ngolo zinayi ndi zingwe za chikopa, adayala matabwa pamwamba, matayala adawatchinga ndi miyala. Chaka china mayi wina wokazinga mbatatesi adasowa mafuwa, adaona miyala yabwino pansi pa ngolo, adazula itatu. Palku lidayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kuloza kudambo, Cassimiro ali pamwamba, nyimbo ikulira. Anthu ankaganiza kuti ndi luso latsopano, ndipo adalitsata akuvina. Lidaima pa chulu, waya wa jeradori utaduka. Mpaka lero mayiyo amamutcha Domingas wa Mafuwa.

Tsiku silinkalembedwa paliponse. Uthenga unkayenda ndi oyendetsa machapa, maminibasi a kuno, ndi anyamata a njinga a ku Kalomwe. Mwezi wa Junyu ukafika, Estele sankayenda mwamtendere. Kuchigayo, kutchalitchi, kumsika, funso linali limodzi: "Mayi, mututa liti?" Iye ankayankha kuti chimanga sichiuma ndi mafunso. Amanena kuti zinkamutopetsa. Ine ndikuti zinkamukoma.

Pofika 2012 anthu ankabwera kuchokera ku Ulongwe, ku Dedza, ena mpaka ku Tete. Achinyamata ankabwera ndi nyimbo zawo, poyamba pa timbale, kenako pa mafuleshi, kenako pa makomputadori. Ankalembetsa maina pa katoni, aliyense ola limodzi pamwamba pa ngolo. Cassimiro mwiniwake adasiya kuika nyimbo. Ankangothamanga, ku jeradori, ku makoluna, kuletsa oledzera kuponda mawaya, kubwereranso ku jeradori. Linali tsiku lokhalo pachaka limene kusakhazikika kwake kunali ndi ntchito. Kukonzekera ankayamba mwezi wa Mayu, ndipo pa zinthu zonse zimene adayambapo, ichi chokha ndicho sadasiye.

Mwana wawo wamkazi ndi mmodzi, Nércia. Adaphunzira shikola ya sekundariya ku Ulongwe, ndipo kumeneko adadziwa kupanga nyimbo zotere yekha pa komputadori. Adakwera pa ngolo koyamba mu 2014 ali ndi zaka 18. Adajambula kulira kwa matayala a ngolo yanga osathira girizi, nakuika m'nyimbo. Anthu adakuwa kwambiri. Ine ndidamva ngolo yofunika girizi.

Mu 2017 kudabwera munthu wa ku Tete dzina lake Rafael, wokonza mafeshta m'mizinda. Adafika atavala malaya opyapyala, ndipo pofika masana anali atabwereka bulangeti. Ndidawamva akulankhula kuseri kwa jeradori.

"Mdala, muli ndi chinthu chachikulu pano, koma mukuchisunga ngati nkhuku ya m'dengu," adatero Rafael. "Anthu a ku Tete sangabwere kudzafa ndi chisanu chotere. Ikani nyengo yotentha. Ndipo tsiku lidziwike miyezi itatu lisadafike, tisindikize mapepala, tiitane anyamata a ku Maputo. Ndibweretsa palku lachitsulo, osati ngolo izi."

"Tsiku amanena ndi mayi a kunyumba," adatero Cassimiro.

"Anthu zikwi ziwiri azidikira ngolo ya chimanga ya mayi mmodzi?"

Cassimiro adaseka. Koma mawuwo adamulowa ngati thekenya. Chaka chotsatira adapita ku Tete kanayi. Akabwera sankadya bwino, ankazungulira nyumba, ankayeza munda ndi mapazi. Mu Julyu wa 2018 Estele adatuta, adatsegula munda, koma Cassimiro adati jeradori yafa, chaka chino kulibe kanthu. Tidakhulupirira. Estele adati ndi mwayi wopumitsa makutu, ndipo adathira manyowa a ng'ombe ngolo khumi ndi ziwiri, ambiri ochokera m'khola langa. Pofika kumayambiriro kwa Outubru mizere inali itakwera munda wonse, nthambi ya minga ili pakhomo.

Estele adadziwira kuchigayo. Pachitseko panali pepala lamitundumitundu: Feshta ya Pamapesi, Loweruka loyamba la Novembru, masana ndi usiku. Pansi adajambulapo ndi msewu wofikira pamunda wake. Adalimatula, adabwera nalo kwa ine, ndipo tidamupeza Cassimiro akukonza foni ya munthu pakhonde.

"Bambo a Nércia, Novembru ndi mwezi wa chiyani?" adafunsa Estele.

"Mvula yeniyeni sibwera mpaka kumapeto kwake. Ndi tsiku limodzi lokha."

"Ndafunsa kuti ndi mwezi wa chiyani."

"Wobzala. Ndikudziwa. Mizere ikaphwasuka ndidzakwezanso ndekha."

"Inu? Amene simudamalizepo mzere umodzi kuyambira Nércia asadabadwe?"

Adaimirira, adakhalanso, adaimiriranso. Adayang'ana kwa ine. "Alamu, anthu aitanidwa kale. Ndikabweza mawu, nkhope ndiika pati?"

Ndidati, "Mukadafunsa musadapereke mawuwo. Pezani malo ena."

Estele adati, "Munda ndidatseka." Adapinda pepala lija nalowa m'nyumba.

Kunena zoona, malo adawafuna. Sabata yathunthu adapalasa njinga. Bwalo la shikola adamukaniza chifukwa ana anali pa mayeso. Dambo linali ndi madimba a anthu. Malo ena onse athyathyathya anali ndi mizere, chifukwa mu Novembru kuno kulibe malo ongokhala. Adaimbira Rafael, ndipo Rafael adati mapepala afika kale mpaka ku Lilongwe, kusintha sikungatheke.

Lachitatu la sabata imeneyo kudagwa maliro a azakhali athu kutsidya kwa mtsinje. Ine ndi Estele tidapita ndi mbumba yonse. Cassimiro adaonekera tsiku loyamba, adatema nkhuni, adasowa. Zotsatirazi adandiuza yekha pambuyo pake, ndipo sadadzikometsere. Lachinayi malole atatu adaima pa msewu. Rafael adatsika nafunsa kuti, "Tilowe, mdala?" Cassimiro adaima pakhomo pa munda nthawi yaitali, madalaivala akuliza mahutala. Adayang'ana kumwamba, kunalibe mtambo. Adawerama nachotsa nthambi ya minga ndi manja ake.

Lachisanu masana mvula idagwa. Sinali yowaza. Idagwa maola awiri, yamphamvu, yoyamba pachaka. Ife ku maliro tidakondwa, tidati mawa tibzala.

Tidabwerera Loweruka dzuwa lili pamutu. Kugunda tidakumva tisadaoloke mtsinje. Estele adangofulumiza mapazi. Titafika, magalimoto anali ataima mbali zonse za msewu. Palku lachitsulo linali pakati pa munda, lalitali kuposa nyumba. Anthu anali ochuluka kuposa chaka chilichonse, ambiri alendo, atavula nsapato, akudumpha m'matope mpaka m'akakolo. Ankasangalala kwambiri. Sankadziwa kuti aima pa chiyani, ndipo sindiwaimba mlandu. Nércia anali pamenepo kuseri kwa palku, ndipo ataona mayi ake adabisala.

Estele adakwera pa chulu chija, adayang'ana kuchokera ku msewu mpaka kudambo. Cassimiro adamuona. Adayamba kubwera, adaterereka, adadzuka, wina adamukoka za waya, adatembenuka, adatembenukanso. Pomwe ankafika pa chulu, Estele anali atapita kunyumba.

Zotsala za tsikulo sindidazione. Ndidaona Lamulungu m'mawa. Panalibe mzere ngakhale umodzi. Munda unali wosalala ngati pansi pa nyumba pozira, kupatula momwe malole adatitimira potuluka, momwe munali maenje ofika m'mawondo. Nsapato zinali zitamira paliponse. Mabotolo osweka anali atapondedwera mkati mwa dothi. Minda iwiri yoyandikana nayo idadyekanso m'mphepete, ndipo eni ake adandipeza ndisadasambe m'maso.

Kenako dzuwa lidawala masabata awiri. Katondo wopondedwa ali wonyowa akauma amasanduka njerwa. Izi mwana aliyense wa kuno amadziwa, chifukwa ndi momwe timaumbira njerwa. Cassimiro adalowa ndi khasu monga adalonjezera, khasu lidabwerera m'mwamba. Ndidabweretsa ng'ombe zanga ndi khasu lazo, lidangokanda pamwamba, ng'ombe zidagona. Mvula yeniyeni itabwera, madzi sadalowe pansi. Adayenda pamwamba natenga manyowa onse kupita nawo kudambo. Adabzala mochedwa, poboola ndi chitsulo. Chimanga chidamera chachikasu, chidafika m'chiuno, chidaima. Munda umene unkatulutsa ngolo zisanu ndi ziwiri sudadzaze ngolo imodzi. Chaka chimenecho banja la Estele lidadya za m'nkhokwe yanga.

Mlandu sitidaukambe msanga. Tidadikira kukolola, chifukwa mlandu wa munda umaweruzidwa ndi nkhokwe. Miyezi yonseyo Estele ankamuphikira, koma sankalankhula naye. Cassimiro adaonda. Ankachoka m'mawa osadziwa komwe akupita, n'kubwerera asadafike.

Mu Mayu wa 2019 ndidaitana nkhoswe yake, mkulu wake Policarpo, kuchokera ku Domwe. Tidakhala pakhonde panga m'mawa. Ambiri a mbumba ankafuna kuti apite. Mkamwini wochotsa nthambi ya mwini munda sakhala pamudzi. Zimenezi n'zodziwika, ndipo ena adachotsedwapo pa zifukwa zochepa kuposa izi. Anali ndi zaka 53, pamudzi pano atakhalapo zaka 25. Akadapita, akadatenga njinga ndi makoluna ake basi. Nyumba, mitengo imene adabzala, mwana, zonse ndi za kuno. Ku Domwe kunalibe ngakhale pomanga chisakasa, minda yonse ili ndi alongo ake.

"Alamu, khalani pansi," ndidamuuza Cassimiro kachitatu.

Policarpo adalankhula bwino. Adavomera kulakwa, adati abweretsa mbuzi ziwiri.

"Mbuzi sizigalauza munda," adatero Estele.

Ndidamufunsa kuti, "Nena, mayi. Munda ndi wako, mwamuna ndi wako. Apite?"

Estele adati, "Akapita, zimene waononga andikonzere ndani? Inu achimwene, ndi msana wanuwo? Atenge pikareta yokumbira miyala. Agalauze munda wonse, kuyambira ku msewu mpaka kudambo, yekha, popanda ng'ombe, popanda ganyu. Galasi lililonse atole. Akamaliza mizere isadafike nthawi yake, akhala. Akasiyira pakati monga amachitira, asadzadikire kuuzidwa. Njira ya ku Domwe akuidziwa."

"Nanga za feshta?" adafunsa Cassimiro.

Policarpo adamuponda phazi.

Palibe adakhulupirira kuti amaliza. Mkulu wake yemwe, ponyamuka, adandiuza kuti akayamba kufunsafunsa malo. Mundawo ndi waukulu, ndipo dothi linali likuumirabe tsiku ndi tsiku.

Adayamba sabata yoyamba ya Junyu, chisanu chili mbuu pa udzu. Adayamba bwino, pangodya ya ku msewu, molunjika. Tsiku lachitatu ndidamupeza ali pakati pa munda. Lachinayi anali kudambo. Ankakumba apa kwa ola, n'kunyamula pikareta kupita kwina, n'kukumbanso. Pakutha pa mwezi munda unkaoneka ngati mutu wa mwana wa zipere. Anthu odutsa pa msewu ankamuseka.

"A Cassimiro, mukufuna mbewa kapena golide?"

"Ndikufuna nsapato za alongo anu," ankayankha, n'kuponya imodzi pa msewu.

Ndidauza Estele kuti munthu uja sakulima mwadongosolo. Adati, "Musiyeni. Ndidati agalauze, sindidati afole."

Manja adatuluka matuza, matuza adaphulika, zikhato zidauma ngati chikopa cha ng'ombe. Galasi ankatolera m'chitini, chitini chikadzaza n'kukakhuthula m'chimbudzi chakale. Lole ikaima pa msewu mutu unkadzuka. Nthawi zina ankayenda mpaka pakhomo pa munda, n'kuima, n'kubwerera. Mpini wa pikareta udathyoka kanayi. Mu Julyu adadwala chifuwa masiku asanu, ndipo adadzuka tsiku lachisanu ndi chimodzi Estele asadamulole. Madera okumba aja adayamba kukumana.

Mu Agoshtu kudabwera galimoto yoyera. Ndinali pa chulu ndi ng'ombe, ndidaona zonse. Anali Rafael. Adali atapeza bwalo lotchingidwa ku Ulongwe, ankakonza feshta ya Novembru kumeneko, ndipo anyamata ake mawaya ankawasokoneza. Ankafuna Cassimiro kwa masabata atatu. Masabata atatu amenewo ndiwo akadamulepheretsa kumaliza. Adalankhula nthawi yaitali. Cassimiro adazungulira galimotoyo kawiri. Adatsegula chitseko, adaika phazi limodzi mkati, adatulutsa. Adapempha pepala, adalemba atatsamira pa galimoto, adapereka. Galimoto idapita. Pobwerera adadzera pa chulu.

"Alamu, mwatumidwa kudzandilonda?"

"Ndikudyetsa ng'ombe."

"Akuti popanda ine mawaya sakuyenda."

"Ndiye?"

"Ndawajambulira papepala. Sazimva, koma ndawajambulira."

Adatola pikareta. Tsiku limenelo adakumba malo asanu ndi awiri osiyana, ndidawerenga.

Adamaliza sabata yotsiriza ya Setembru. Chigawo chomaliza chinali pomwe padaima palku lachitsulo, polimba kuposa ponse, ndipo ankachizemba kuyambira pachiyambi. Estele adabwera ndi ndodo yosongoka. Adayenda munda wonse akubaya pansi, m'ngodya, pakati, m'mphepete mwa chulu. Cassimiro ankamutsata kumbuyo. Adapeza khosi la botolo limodzi, adamupatsa m'manja. Atafika kudambo adati, "Mawa tiyambe mizere. Mudzuke msanga." Za Domwe sizidatchulidwenso. Ndidatumiza uthenga kwa Policarpo kuti asiye kufunsa malo.

Munda sudachire chaka chimodzi. Udatenga zaka zitatu ndi manyowa ambiri kuti ubwerere.

Feshta idapitirira ku Ulongwe ndi dzina lina, mu Novembru, ndi mpanda ndi alonda pakhomo. Zaka ziwiri za mliri idaima, kenako idayambanso. Rafael adaisiya, tsopano akuiyendetsa achinyamata a komweko, ndipo Nércia ndi mmodzi wa iwo. Amaitana bambo ake chaka chilichonse. Adapitako kamodzi, adayendera mawaya onse, adawauza kuti jeradori aiika pafupi kwambiri, adabwerako isadathe. Adati pa simenti nyimbo sizimveka m'mapazi.

Kusakhazikika sikudathe. Adayamba zokhoma mapanelo a dzuwa pa madenga a anthu, adasiya. Adayesa njuchi, zidamuluma, adasiya. Pano amakonza mafoni ndi timawailesi ta mafuleshi, lero ku Lifidzi, mawa ku Kalomwe. Kumunda amapita, ndipo amalimabe modumphadumpha. Chaka chilichonse ngolo yotsiriza ikamatuluka amayenda kumbuyo kwake, n'kuima pakhomo pa munda pafupi ndi Estele, mwendo ukugwedezeka. Estele amachotsa nthambi n'kunena kuti, "Ng'ombe zokha."

Mundawo udzakhala wa Nércia, popeza ndiye mwana wamkazi. Onse akudziwa. Chaka chatha adandipeza kukhola nandifunsa kuti, "Atsibweni, munda ukakhala wa munthu, angachite nawo zimene akufuna?"

"Mayi ako ali moyo."

"Ndangofunsa."

"Yamba wabzalamo zaka zitatu, udzafunsenso."

Adaseka napita. Mwezi wa Novembru wa chaka chomwecho adabwera kudzabzala masiku awiri feshta yawo itatha.

Chaka chino munda watulutsa ngolo zisanu ndi imodzi. Makoluna anayi ali m'nyumba yakale ya amayi athu, ofunditsidwa ndi lona, ndipo Cassimiro amawapukuta mwezi uliwonse. Estele adatuta pa 28 Junyu, adalola ng'ombe zokha.